Mwana wanu sakunama, Amayi

Mwafunsa za mtsikana wanu amene anamuopseza ndi mpeni n'kumulanda foni atangotsika basi ku Chawama, mu Lusaka, usiku. Mukuti mpeniwo amaukumbuka mpaka chigwiriro chake, koma nkhope ya wakubayo ayi, ndipo tsopano akukana kukwera basi iliyonse, ngakhale dzuwa lili pamutu. Amayi, chonde musamuyese wabodza.

Munthu akaona imfa pafupi, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamadzidzimutsa thupi lonse. Adrenaline, mchere wa m'thupi umene umakonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana, amathamanga m'magazi, mtima uli thi thi thi, maso n'kukakamira pa chinthu chimene chingamuphe. Zina zonse, nkhope, malaya, chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, zimangolowa mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake nkhani yake imadukaduka akamafotokoza. Anthu akamamupanikiza kuti "nanga bwanji dzulo unanena zina?" amangomuwonjezera bala.

Tsono za mabasi. Mantha akakula, ubongo susankha bwino choopsa chenicheni, umangomanga mtolo umodzi zonse zimene zinali pafupi: fungo la dizilo, kukuwa kwa kondakitala, mdima wa pa siteji. Wolumidwa ndi njoka amadumpha ngakhale ataona luzi. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti manthawo amabwereranso m'mbuyo. Mu 2024 asayansi a ku sukulu ya zachipatala ya Mount Sinai ku New York, motsogozedwa ndi Denise Cai, anapeza kuti mbewa zimene zinagwidwa ndi shoko yamagetsi yamphamvu m'bokosi lina zinayamba kuopanso bokosi limene zinakhalamo mwamtendere masiku awiri m'mbuyomo. Shoko ikakhala yaing'ono sizinkatero. Inde, mbewa si munthu, komabe musadabwe mwana wanu akayamba kuopa ngakhale siteji ya mabasi ya Kulima Tower kumene anakwerera basi tsikulo, pamene kumeneko sikunachitike kanthu.

Kuzemba mabasi kumamupumitsa lero, koma kumakulitsa mantha, chifukwa ubongo supeza mpata wophunzira kuti basi ina ilibe vuto. Kumukankhiramo mokakamiza nakonso n'kulakwa. Yambani pang'ono, iye atavomera: mukaime naye pa siteji masana, tsiku lina mukwere limodzi kamtunda kochepa, akhale pafupi ndi chitseko. Asafunsidwe nkhaniyi ndi mlendo aliyense wobwera kudzazonda.

Mwezi ukatha akulotabe zoopsa, sakugona, kapena akudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, pitani naye ku kiliniki ya kwanuko mukapemphe kuonana ndi mlangizi wa za maganizo. Ku chipatala cha Chainama, pa Great East Road, amathandizanso vuto ngati limeneli, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wapenga.