Tifunseni: Nasale yathu ili m'nkhalango, tiyambe kumanga chiyani?

FUNSO

Zikomo alangizi. Ine ndi anzanga awiri tinatsegula nasale chaka chatha koma yathuyi ndi yapanja, ana amakhala m'kankhalango kamene mwini malo anatibwereka, kaya kuli dzuwa kaya kukuwaza timakhala momwemo. Tili ndi ana 18 a zaka 3 mpaka 5. Zomwe tili nazo panopa ndi lona imodzi yomwe timamangirira m'mitengo, zipika zokhalira ndi kachimbudzi komwe tinangopanga mwachangu. Tsopano makolo asonkha kandalama kuti tikonze malowa ndiye pamitingi maganizo achuluka, ena akuti timange kalasi ya njerwa ena akufuna akatungwe achitsulo ngati a m'masukulu ena, ine mutu waima. Tiyambire pati?

Mayi woyendetsa nasale

YANKHO

Mayi, ndalamayo isakuyabweni m'manja kaye. Za kalasi ya njerwazo ine ndikukana, ndipo ndikuuzani chifukwa. Mukangoimika nyumba ya zitseko ndi mawindo m'nkhalangomo, kakangowaza kamvula pang'ono aphunzitsi azilowetsa ana mkati, mawa kukazizira mkati, pakutha pa chaka mudzapeza muli ndi nasale wamba yomwe yangozunguliridwa ndi mitengo basi. Komanso malowo ndi obwereka, tsiku lomwe mwiniwake adzawafune njerwazo mudzazinyamula bwanji? Musanakhome ngakhale msomali umodzi khalani naye pansi mulemberane, zaka zingati, chololedwa kumanga ndi chiyani, mtengo woopsa adula ndani. Ndipo pitaninso ku ofesi yomwe imapereka chilolezo cha sukulu za ana kwanuko mukamve zomwe amafuna, poti malamulo a zimbudzi ndi chiwerengero cha ana pa mphunzitsi mmodzi amasiyana dziko ndi dziko.

Makolo omwe akukayika auzeni kuti zomwe mukuchitazi sizachilendo. Ku Denmark zinayamba cha m'ma 1950, mayi wina dzina lake Ella Flatau ankangotenga ana tsiku lililonse kupita nawo kunkhalango mpaka makolo ena anayamba kumupatsa awo. Ku Sweden nasale yoyamba ya mtunduwu, yotchedwa I Ur och Skur, inatsegulidwa mu 1985 pachilumba cha Lidingö, ndipo ku Germany boma linavomereza yoyamba mu 1993 mumzinda wa Flensburg. Maiko ozizira koopsa amenewo, koma zambiri za ku Germanyko chomwe zili nacho ndi kangolo ka matabwa ka matayala komwe amakatcha Bauwagen, kosungiramo katundu ndi kuthawiramo nyengo ikaipa. Ngati iwo akukwanitsa ndi kangolo pa chisanu chotero, inu njerwa mukuzifuniranji?

Ndalama yoyamba ipite m'mwamba. Mawa mukafika musayang'ane pansi, kwezani mutu muone nthambi zomwe zili pamwamba pa malo omwe ana amakhala, kudyera ndi kugona. Nthambi youma yomwe yangokodwa pa inzake, mtengo wopendekeka womwe dothi lakumizu kwake latukuka, thunthu lomwe lamera bowa m'munsi kapena lomwe likumveka phwephwe mukaligogoda, zimenezi ndi zomwe zimapha, osati minga kapena matope zomwe makolo amadandaula nazo. Itanani munthu wodziwa za mitengo adzayendere malo onse kamodzi pachaka, komanso inuyo muziyendera m'mawa uliwonse ana asanafike, makamaka kukakhala kuti usiku kunawomba chimphepo. Zomwe wadulazo musataye, zipika zake ndi mipando yanu yomweyo.

Kenako dikirani tsiku lomwe mvula yagwa yamphamvu, valani majombo mupite ndi tizikhomo m'manja. Paliponse pomwe madzi aima khomani kachikhomo, pomwe akuthamanga tsatirani muone akulowera kuti. Ntchito ya ola limodzi imeneyi koma imakuuzani pomwe simuyenera kuika chimbudzi, pomwe chisakasa chidzakhale m'thope, ndi pomwe ana angamakumbe madamu awo mwaufulu. Anthu ambiri amasankha malo nthawi yadzuwa chifukwa pali mthunzi wabwino, mvula ikabwera ndi pomwe amazindikira kuti anamanga mumsewu wa madzi.

Tsopano chimbudzi, apa ndiye ndichedwapo chifukwa ndi pomwe nasale zambiri zapanja zimagwera, komanso kholo likabwera kudzaona malo limatha kukhululuka zonse koma osati chimbudzi chonunkha. Ngati ndi chokumba chikhale kumunsi kwa malo otungapo madzi ndipo chitalikirane nawo mamita osachepera 30. Bowo lake likhale laling'ono loti mwana wa zaka 3 asaope kugweramo, pakhale ndi pogwira. Chomwe akuluakulu timaiwala ndi mdima, mwana wamng'ono akaona kachipinda kamdima salowa, amakagwada kuseri kwa mtengo ndiye anzake mawa aponda. Ndiye siyani mpata pakati pa khoma ndi denga kuti kuwala kulowe, chitseko chikhale chachifupi chopanda loko mkati kuti mphunzitsi athe kusuzumira ndi kuthandiza. Pomwe kukumba sikutheka, kaya chifukwa cha mizu kaya madzi ali pafupi pansi, ambiri amagwiritsa ntchito chidebe chokhala ndi mpando pamwamba, mwana akatha amathira kapu ya utuchi, chidebecho nkumachotsedwa tsiku lililonse. Chinsinsi chake ndi kuuma, mkodzo ukachuluka m'chidebemo ndi pomwe fungo limayamba, ndiye utuchi usamathe.

Pakhomo pa chimbudzi pomwepo, osati uko, pakhale posambira m'manja. Mpondagiya amakwana bwinobwino: kachigubu ka malita 5 kabowoleni ndi msomali wamoto pafupi ndi kukamwa, kapachikeni pamtengo wopingasa, chingwe chichoke pachigubu kufika pakamtengo kopondera pansi, sopo naye pachingwe chake. Koma muyezere msinkhu wa mwana wamfupi kwambiri pagulupo osati wanu, ndipo pansi pake kumbani kadzenje muthire timiyala kuti pasakhale chithaphwi. Pangani awiri kapena atatu, ana 18 pa mpondagiya mmodzi nthawi yakudya ndi ndewu imeneyo, ndipo womaliza pamzere amangonyowetsa nsonga za zala m'malo mosamba ndi sopo masekondi 20.

Chisakasa nacho chikhale chosavuta. Mizati, denga losadontha lotsetsereka bwino, mbali yomwe kumachokera mphepo ndi mvula mutchinge, mbali zina zisiyeni pululu kuti muziona ana. Onjezani bokosi lalikulu lokhoma kapena kakontena kosungiramo zovala zosinthira, mabulangete, zipangizo ndi bokosi la chithandizo choyamba, lokwezedwa pansi chifukwa cha chinyontho ndi makoswe. Koma dziwani kuti chisakasa cha m'nkhalango sichotetezera ku mphezi kapena chimphepo. Pamenepo mufunika nyumba yeniyeni yapafupi, kunja kwa mitengo, yomwe mwagwirizana ndi eni ake kuti mabingu akayamba muzithawirako, ndipo musabwerere mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Njira yopitira kumeneko ana aiyeserere ngati masewera, komanso onetsetsani kuti galimoto ingathe kufika pafupi mwana atavulala.

Chinthu china chomwe mudzachione chaka chachiwirichi, ngati simunachione kale, ndi pansi pomwe ana amakonda kusonkhana. Timapazi 36 tsiku ndi tsiku timasandutsa dothi kukhala ngati simenti, udzu umatha, madzi salowa, ndipo mizu yambiri ya mtengo imakhala pamwamba pomwepa, m'masentimita 60 oyambirira, ndiye mtengo womwe mumaukonda chifukwa cha mthunzi umayamba kuuma nsonga pang'onopang'ono. Khalani ndi malo awiri kapena atatu osonkhanirapo muzisinthasintha, ena azipuma. M'tinjira ndi pabwalo thirani tizidutswa ta mitengo kapena masamba ouma. Nchifukwa chake ndikulimbikira zinthu zonyamulika.

Akatungwe achitsulowo asiyeni. Chingwe cholimba panthambi yamoyo yonenepa chimakwana, bola pomangirira mudutsitse lamba wotambalala kapena chidutswa cha paipi kuti chingwe chisadye khungwa, ndipo muzimasula nthawi ndi nthawi poti mtengo ukukula, chingwe chikaumanga mozungulira nthambiyo imafa. Ndalama ikatsala guliraniko ana majombo ndi majekete a mvula.

FUNSO

Alangizi, mlamu wanga watipatsa mapaleti ambiri (matabwa okhomedwa osanjikirapo katundu aja), matayala akale ndi mitengo iwiri yochokera panjanji kuti tipangire ana kakhitchini kamatope ndi pokwera. Mkazi wanga yemwe amaphunzitsa panasalepo akuti zina mwa izi ndi zoipa. Zoona kapena akungondivuta?

Bambo wokonda zokhomakhoma

YANKHO

Bambo, mayiwo akunena zoona, apepeseni. Mitengo ya panjanjiyo ibwezeni, yambiri inanyikidwa m'mankhwala akuda onunkha ngati phula otchedwa creosote, kukatentha amatuluka ngati thukuta, amawotcha khungu ndipo amaganiziridwa kuti amayambitsa khansa, mwana asakhalepo kapena kuigwira. Chimodzimodzi matabwa akale obiriwirako omwe anathiridwa mankhwala a CCA, muli poizoni wotchedwa arsenic mmenemo, ku America ndi ku Ulaya anasiya kuwagwiritsa ntchito pamalo osewerera ana cha m'ma 2003 ndi 2004. Musawawotchenso pamoto, utsi ndi phulusa lake ndi poizoni.

Mapaleti atembenuzeni muyang'ane pa timitengo tam'mbali, pamakhala chidindo chowotchedwa chokhala ndi zilembo. Mukaona HT ndiye kuti anangoiwotcha ndi kutentha kuti tizilombo tife, imeneyo tengani. Mukaona MB anaifukiza ndi mankhwala a methyl bromide, isiyeni. Yopanda chidindo kapena yomwe ili ndi madontho a mafuta osadziwika nayonso ayi, poti simukudziwa inanyamula chani. Zomwe mwasankhazo zulani misomali yonse yotuluka, palani ndi sandipepa mpaka mutadutsitsa chikhatho chanu osabayidwa, ndipo thebulo la kakhitchiniko lifike m'chiuno mwa mwana. Mapoto akale, zipande, sefa, ndowa ya madzi, basi, zina azipeza okha pansi. Koma ndowayo muzikhuthula akamaliza, mwana wamng'ono amatha kumira m'madzi ochepa kwambiri akagwera chamutu.

Pa chokweracho samalani mipata. Mpata wapakati pa masentimita 9 ndi 23 ndi woopsa chifukwa thupi la mwana limadutsa koma mutu nkukodwa, ndiye ukhale wochepera 9 kapena woposa 23. Chikapitirira masentimita 60 kutalika, pansi pake pakhale pofewa, mchenga kapena tizidutswa ta mitengo tokhuthala, opanda zitsa ndi miyala. Matayala abowoleni m'munsi madzi asamaime, apo ayi mukuweta udzudzu, sabata imodzi kapena masiku 10 amakhala atauluka kale.

FUNSO

Kodi moto pamalo a ana aang'ono chonchi ndi nzeru? Kunasale kwa mdzukulu wanga akufuna kukonza poyatsira moto ndipo ine mtima suli m'malo.

Agogo odandaula

YANKHO

Agogo, nkhawa yanu ndi yomveka, koma nasale zambiri za m'nkhalango zimakhala ndi moto ndipo chomwe chimateteza ana ndi kakonzedwe ka malowo. Mukapita kukamutenga mdzukuluyo kaoneni izi: pamwamba pasakhale nthambi kapena lona, pansi apale mpaka dothi lenileni poti mizu ndi masamba owola zimatha kunyeka chamkati osaoneka, moto uzunguliridwe ndi zipika kapena miyala youma, osati yotola mumtsinje chifukwa imeneyo imaphulika ikatentha. Zokhalira zitalikire pafupifupi mamita awiri ndipo zikhale zosagubuduka. Ana amaphunzitsidwa kuti mkati mwa bwalolo salowa pokhapokha ataitanidwa, akafuna kusintha malo amazungulira kuseri kwa mipando. Pambali pakhale ndowa yodzaza madzi moto usanayatsidwe, ndi mphunzitsi mmodzi yemwe ntchito yake ndi motowo basi, osati uku akuyang'ana moto uku akuperekeza wina kuchimbudzi. Mukapeza kuti ndowayo palibe, funsani aphunzitsiwo pomwepo, musachite manyazi.