Chitsulo Chopanda Nkhope Tichione Bwanji?

Mayi wina wa ku Chilenje wanditumizira imelo yonena kuti anaona chiboliboli chachitsulo chofiira ndi chachikasu, cholumikizidwa ndi zidutswa za makona atatu ndi zina zozungulira, ndipo akufunsa kuti: "Chinthu chosafanana ndi munthu kapena nyama, kukongola kwake kuli pati?"

Amayi, funso lanu ndi lomveka, chifukwa maso athu kuno ku Lusaka anazolowera Freedom Statue ya pa Independence Avenue, imene inaimikidwa mu 1974, ndipo ngakhale mwana amaona yekha kuti ndi munthu wodula unyolo. Chaka chomwecho ku Chicago anaimika ntchito yachitsulo yotchedwa Flamingo, ya mmisiri wa ku America Alexander Calder, yotalika mamita 16, imene ili ndi dzina la mbalame koma nthenga simungaziloze. Calder anaipaka penti wofiira kuti iwale pakati pa nyumba zakuda zoizungulira, ndipo kufiirako kumachititsa chitsulo cholemera kuoneka ngati chaima ndi zala za kumapazi.

Komatu luso loonera zotere muli nalo kale. Pogula chitenje ku Kamwala simufunsa wogulitsa tanthauzo la mizere yokhotakhota. Mumangoona ngati mitundu yagwirizana. Kusiyana kwake n'kwakuti chitenje mumachiyala n'kuchiona chonse, pamene chitsulo chimafuna kuti muchizungulire pang'onopang'ono, pakuti chidutswa chooneka chachikulu mukaima kutsogolo chimasanduka kamzere mukapita m'mbali, ndipo mipata ya pakati imatseguka ndi kutsekeka mmene mukuyendamo. Mukapeza mpata, mukachionenso dzuwa litapendeka, chithunzithunzi chake chitatalika pansi.

Ineyo ndimayamba ndayang'ana molumikizira. Amene anaimapo ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, n'kuona anyamata akuwotcherera mageti, amadziwa kuti mfundo yosalala imafuna dzanja lokhazikika, ndiponso kuti chitsulo chopendekeka sichiima chokha ngati mmisiri sanayeze kulemera kwa mbali zonse. Penti amateteza chitsulo ku dzimbiri nthawi ya mvula, koma amisiri ena amabisira momwemo ntchito yothamangira, ndipo zotero ine sindizisirira, kaya ziwale chotani.

Loweruka lina mudzapite ku Showgrounds, kunyumba yoonetsera zaluso yotchedwa dzina la Henry Tayali, mmisiri wa zaluso wa kuno ku Zambia amene nayenso ankawotcherera zitsulo mpaka pamene anamwalira mu 1987. Mukapezako mmisiri, musamufunse kuti wapanga chiyani, koma mumufunse chidutswa chimene anayambira.