2010 sichinali chaka cha vuvuzela chokha

Mayi wina wa ku Turffontein, kuno ku Joni, wandilembera. Mwana wake wobadwa mu 2010 akufunsa zimene zinkachitika ku Malawi chaka chimenecho, iwo asowa chomuyankha.

Mayi, funso lanuli landikhudza, chifukwa wanganso chigoli cha Tshabalala cha pa Soccer City, chotsegulira World Cup, amachidziwa ngati analipo, koma mukatchula Russel Mwafulirwa amangoti kukamwa yasa.

Kwa ife chaka chinayamba pa 11 Januwale, Flames ya Kinnah Phiri itakwapula Algeria 3-0 ku Luanda. Tinaonera m'kachipinda ka mnzathu ku Rosettenville, ena pabedi, ena pa makreti, mwini wake atagwirizira chingwe cha TV kuti chisamalekeze. Mwafulirwa atagoletsa, poto wa nyemba anagubuduka, palibe anamutola. Kenako Elvis Kafoteka, kenako Davi Banda. Chikhalirenicho tinali tisanapondeko ku mpikisano umenewu kuchokera 1984! Ndipo Algeria yomweyo inabwera kuno mu Juni kudzasewera World Cup. Zoti Angola ndi Mali anatibweza kumudzi, musafulumire kumuuza.

World Cup yo anthu amaikometsa. Ikutha mu Julayi kunamveka mphekesera zoti obwera atithamangitsa, ndiye titakumbukira zipolowe zothamangitsa obwera za 2008, ena anamanga katundu ulendo wa kokwerera basi ku Park Station. Ana athu zimenezi sitiwauza, ndipo tikulakwa.

Nanga za ndale?

Apa ndiye sindibisa mawu. Bingu anatsegula chaka ali pamwamba, atasankhidwa kukhala wapampando wa African Union, mu Epulo n'kumanga ukwati ndi Callista. Koma ndi chaka chomwecho anasiya kumva za anthu. Mu Julayi anachotsa dzuwa lotuluka pa mbendera n'kuikapo lathunthu loyera, ati tatukuka. Tikanatukuka bwenzi tikupukuta magalimoto a eni ku Joni? Mu Okutobala anatsegula doko la Nsanje pamaso pa Mugabe ndi Rupiah Banda, chombo chimene ankachidikirira chitagwidwa ku Mozambique. Mu Disembala, Joyce Banda, wachiwiri wake yemwe, anachotsedwa mu DPP.

Tsono mwanayo mumuuze zimenezi, muonjezepo kuti ma Queens anatha pa nambala 5 ku Commonwealth Games ku Delhi. Zigoli tinachinya Algeria zija mufufuze naye pa YouTube.