Kompyuta yanga yokha ikukana kuona seva

FUNSO: Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa ofesi ina ku Area 3. Magetsi atazima n'kuyakanso sabata yatha, kompyuta yanga inasiya kutsegula mafayilo a pa seva, pomwe anzanga onse akutsegula bwinobwino. Abwana akuti tiitane munthu adzakonze seva. Nditani? — Mayi wa ku Kawale

YANKHO: Mayi, auzeni abwana asunge kaye ndalama zawo. Ngati anzanu akulowa, seva ilibe mlandu. Vuto lili pakati pa desiki yanu ndi switch, kabokosi komwe zingwe za makompyuta onse zimakumana.

Yambani mwagwada pansi. Kumbuyo kwa kompyuta, pomwe pamalowa chingwe cha netiweki, pamayenera kuphethira kanyali. Ngati kuli zii, zulani chingwecho n'kuchilowetsanso, kapena bwerekani cha mnzanu muyesere. M'maofesi ambiri a ku Old Town kuno zingwe zimangoyala pansi, mipando n'kumaziponda, okolopa n'kumazikoka.

Kanyali kakayaka, tsegulani cmd (pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo) mulembe ipconfig, ndipo nambala ya IPv4, yomwe ndi adiresi ya kompyuta pa netiweki, muifananize ndi ya mnzanu. Ikayamba ndi 169.254, dziwani kuti kompyuta yadzipatsa yokha nambalayo chifukwa rauta, chipangizo chomwe chimagawa manambalawa, sinaipatse. Zimachitika magetsi akangobwera: kompyuta imadzuka msanga rauta isanakonzeke. Lembani ipconfig /release kenako ipconfig /renew. Ikabweranso 169.254 yomweyo, sunthirani chingwe pa bowo lina la switch, poti magetsi obwera mwamphamvu amatha kupha bowo limodzi ena onse ali moyo.

Nambala ikakhala yofanana mayambidwe ndi ya anzanu, tinene 192.168.1, funsani nambala ya seva mulembe ping ndi nambalayo mu cmd momwemo, kuti muone ngati seva ikuyankha. Mukaona "Reply from" ndi nambala ya sevayo, njira ilipo. Pamenepo lowani mu File Explorer mulembe \\ kenako nambala ya seva m'malo mwa dzina lake. Mafayilo akatseguka, wolakwa ndi DNS, yomwe imasandutsa dzina kukhala nambala. Koperani nambala ya DNS ya pa kompyuta ya mnzanu. Ping ikakana musafulumire kudandaula, maseva ena anawatchera kuti asamayankhe ping, choncho yesaninso pa kompyuta yomwe ikugwira.

Koma ndikufunseni, Mayi: tsiku lomwe magetsi anazima lija, simunalumikize kompyuta ku hotspot ya foni yanu kuti mutumize imelo? Ngati ikadali pomwepo ndipo chingwe sichikugwira, intaneti iziyenda koma seva simuiona. Zimitsani Wi-Fi, muyesenso.