Kwa mayi wa ku Dwangwa amene sagona mvula ikamagwa

Kalata iyi ndaiwerenga kanayi, ndipo ulendo wachitatu ndinaika foni pansi n'kutuluka panja kaye. Yachokera kwa mayi wina wa ku Dwangwa amene nyumba yake inagwa ndi madzi osefukira a mu February 2024. Anamanga ina, koma mpaka lero mvula ikangoyamba kugogoda pa malata, miyendo imamuzizira, amadzutsa ana n'kukhala nawo pafupi ndi chitseko mpaka kucha. Atafotokoza izi ku mapemphero, wina anamuuza kuti ali ndi mzimu wa mantha, chikhulupiriro chake n'chochepa. Ndiye akundifunsa kuti, kodi ndikuchimwa?

Achemwali, simukuchimwa. Ndayamba ndi pamenepo kuti zina zonsezi muziwerenge mtima uli m'malo.

Ine mantha ndimawadziwa, ndinagona nawo pa benchi. Munali mu January 2023, kolera ili pachimake, mliri uja umene unayamba mu March 2022 n'kutenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuno ku Nkhotakota tinkangomva kuti uje wapita, uje ali kutenti ya odwala kolera. Usiku wina mwana wanga wachiwiri, wa zaka 7, anayamba kutsegula m'mimba. Nditawunika ndi tochi n'kuona kuti zotulukazo zili mbuu ngati madzi otsukira mpunga, ndinadziwa. Bambo ake anali panyanja ndi alovi anzawo, foni yosagwira. Ndinamubereka kumbuyo mwana wamkulu kale, ndinagogoda kwa mnyamata wa kabaza, tinanyamuka mumdima. Panjira ndinkamva mutu wake ukugwera uku ndi uku pamsana panga.

Kutenti kuja fungo la kolorini limakulandira usanalowe. Mabedi ake ndi obowola pakati, pansi pali ndowa. Anamwino anafunafuna mtsempha woti abayepo diripi, padzanja osaupeza, maso a mwana atalowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Ine mayi wa Chigwirizano, woloweza mavesi kuyambira ku Sande Sukulu, usiku umenewo ndinaiwala onse. Pakamwa panga pankangotuluka mawu awiri, "Ambuye, mwanayu." Mano akugundana, chitenje chitanyowa ndi thukuta.

Mwana wanga anachira pa tsiku lachinayi. Koma pa bedi loyandikana nalo panali kamtsikana kamene mayi ake anapemphera kuposa ine. Ankaimba chapansipansi usiku wonse, nkhope ili bata, n'kumandilimbitsa mtima ine wonjenjemerane. Kamtsikanako kanamwalira m'bandakucha. Tsono munthu abwere adzandiuze kuti Mulungu amayeza mantha pa sikelo ngati mpunga, wochita mantha pang'ono n'kumupatsa moyo wa mwana. Ndikukana, ndipo ndidzakana mpaka m'manda.

Chiphunzitso chimenechi chimandipweteka chifukwa ndimaona kumene chimathera. Munthu wavulala kale, mukumusenzetsanso mlandu. Akatero amayamba kubisa, pa mlaga amamwetulira, usiku akulira yekha. Kenako amagwa m'manja mwa aja ogulitsa timabotolo ta madzi ndi mafuta, oti ukawaza pakhomo mantha athawa. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu akusowa ndi ya sopo yomwe, koma ya kabotolo amakongola. Ndinaona mayi wina atagulitsa thumba lake lomaliza la chinangwa chouma, kondowole wa ana ake, kuti akagule chitetezo. Amene amadyera pa mantha a amasiye adzayankha, ine sindiwaopa kuwanena.

Mukadzabwera kuno kuboma mudzalowe mu tchalitchi cha All Saints cha Anglican. Muli manda a Bishopu Chauncy Maples. Munthuyu anadzozedwa ubishopu ku London mu 1895, ndipo chaka chomwecho, pa 2 September, akubwerera ku ntchito yake ya ku Likoma, boti lawo linagubuduzika ndi namondwe panyanja yathu yomweyi, iye n'kumira. Anali atatumikira zaka zambiri kuno ku Africa. Kodi tinene kuti chikhulupiriro chinamuchepera? Ndimapitako nthawi zina ngakhale si mpingo wanga, ndimakhala phee pa benchi. Manda amenewa anandichotsa maganizo akuti wokhulupirira weniweni madzi samukhudza.

Bambo anga anali msodzi, ndipo ankati amene saopa mwera sakalamba. Mwezi wa June mphepo ikayamba kuwomba kuchokera kummwera, nyanja n'kuda bii, iwo ankakokera bwato kumtunda n'kukhala pansi kusoka ukonde. Anali mkulu wa mpingo, m'mawa uliwonse ankatidzutsa ndi pemphero. Sindinawamvepo akulapa chifukwa choopa mwera. Mantha amenewo ndi amene anatilera ife, chifukwa anzawo ena olimba mtima tinakawatola pagombe.

Nkhani ya pa Marko 4, ya Yesu ndi ophunzira ake m'ngalawa pa namondwe, ife a kunyanja timaimva mosiyana ndi anthu a kumtunda. Mwa ophunzira aja munali asodzi, Petro, Andreya, Yakobo ndi Yohane, anthu odziwa madzi. Ngati iwo anafuula kuti tikufa, ndiye kuti zinalidi zoopsa, madzi anali akudzaza ngalawa. Yesu ali kutsigiro, mutu pa mtsamiro, ali mtulo. Ndikudziwa, achemwali, kuti amene anakudzudzulani uja athamangira pa vesi 40, pamene Yesu anawafunsa chifukwa chimene ankachitira mantha. Funsolo lilipodi, sindilifufuta. Koma onani dongosolo lake. Anayamba wadzuka, anadzudzula mphepo, nyanja inachita bata, kenako ndi pamene anawafunsa. Sanawasiye amire kuti aphunzirepo, ndipo kutsidya anafika nawo onse. Iwonso mantha awo sanapite nawo kwina, anakagwedeza nawo Yesu. Yesu yemweyo ku Getsemane thukuta lake linagwa ngati madontho a magazi, anapempha kuti chikho chimupitirire, anapempha anzake atatu kuti akhale naye maso. Ngati kunjenjemera kuli tchimo, usiku umenewo tiufotokoza bwanji?

Nanga muchite chiyani?

Mvula ikayamba, nenani Salimo 56 vesi 3 mokweza, ana amve. Davide akunena za tsiku limene iye akuopa, kuti tsiku lomwelo adzakhulupirira Mulungu, zonse ziwiri m'mtima umodzi. Pezani mayi mmodzi wokhwima, wosunga pakamwa, amene mungamuimbire ngakhale 2 koloko usiku. Longedzani kachikwama ka mabuku a kuchipatala, ziphaso ndi tochi, mukapachike pa msomali pafupi ndi chitseko, mugwirizane ndi ana malo okwera amene mungathawireko, ndipo muzimvera machenjezo a zanyengo pa wailesi. Ngati tulo tikusowabe milungu ndi milungu, kapena mtima ukugunda mpaka kubanika, pitani kuchipatala mukafotokoze monga mwandifotokozera ine. Thupi limakumbukira zimene linaona, ndipo thandizo lake liliko.

Ine mpaka lero mwana akangoti m'mimba mukupweteka, manja anga amazizira. Ndimasungunula Thanzi ORS kwinaku ndikunena aja mawu anga awiri. Mvula yoyamba ikadzagwa ku Dwangwa mudzandilemberenso, mudzandiuze kuti usikuwo munagona maola angati.