Heater ya dizilo m'vani yogonamo: musathamangire yaikulu

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene anasandutsa vani yake kukhala kanyumba kogonamo. Akufuna kukayenda nayo kumaiko kogwa chipale chofewa, ndiye akufunsa kuti: agule heater (chipangizo chotenthetsera m'kati) ya dizilo yamphamvu ya 5 kW, poti mtengo wake sukusiyana kwambiri ndi ya 2 kW? Nanga angathe kuiika yekha?

Gulani ya 2 kW. Ndikudziwa kuti mtima ukunena kuti yaikulu ndiye yothana ndi chisanu, koma vani ndi kachipinda kakang'ono. Ya 5 kW imatenthetsa m'kanthawi kochepa, kenaka nkumangoyaka mofooka usiku wonse. Moto wofooka umasiya mwaye m'kati, mwayewo nkumaunjikana mpaka tsiku lina heater ikukana kuyaka, ikungotulutsa utsi woyera. Ma heater odziwika ngati Webasto Air Top 2000 ndi Eberspächer Airtronic D2 ndi a pafupifupi 2 kW, ndipo amakwanira bwinobwino ngati makoma a vani munawakutira ndi zoteteza kuzizira. Dizilo amene amamwa sapitirira kwenikweni kota ya lita pa ola. Ngakhale yaing'onoyo, muziikweza mphamvu yonse kwa mphindi 20 nthawi ndi nthawi kuti ipsereze mwaye.

Kuiika nokha n'kotheka, koma ntchito yeniyeni ili pa bowo lomwe muboole pansi pa galimoto. Moto wa heater umayaka m'chipinda chake chotsekeka. Mpweya woyatsira umalowera kunsi kwa vani, utsi nawo umatulukira kunsi komweko, pamene mpweya umene mumapuma umangodutsa kunja kwa chitsulo chotenthacho. Ziwirizi zisakumane. Musanaboole, gonani chagada pansi pa galimoto ndi tochi, muone pamene padutsa mawaya, mapaipi a mabuleki ndi thanki. Mukaboola, pakani penti m'mbali mwa bowolo kuopa dzimbiri, ndipo mumate ndi zomatira zopirira kutentha. Paipi ya ekizozi itsetsereke pang'ono kuti madzi asamaime m'kati, ndipo kukamwa kwake kutulukire m'mphepete mwa galimoto, kutali ndi zenera kapena chitseko chimene mumatsegula. Chipale chikaunjikana, muzikayang'ana ngati sichinatseke paipiyo. Alamu ya carbon monoxide, mpweya wapoizoni wa mu utsi, musaiwale, chifukwa mpweya umenewu sununkha, umapha munthu ali m'tulo.

Dizilo mutha kutenga m'thanki ya galimoto. Kapaipi kokokera kasafike pansi penipeni pa thanki, kuti heater isamalize mafuta onse inu nkudzuka m'thengo injini yosalira. Kapampu kokoka dizilo kamalira kuti tiki, tiki, tiki usiku wonse. Kamangeni pa labala, kotulukira mafuta kataloza m'mwamba pang'ono, apo ayi phokosolo lidzayenda m'chitsulo mpaka pa pilo. Komanso dizilo wa m'nyengo yotentha amalimba ngati phula kukazizira kwambiri, choncho mukafika kozizirako thirani wa komweko.

Magetsi anthu amawaderera. Heater ikamayamba kuyaka imakoka pafupifupi ma amp 10 kwa mphindi zingapo, kenaka nkutsika kwambiri. Waya woonda amagwetsa mphamvu ndipo heater imazima isanagwire moto. Ilumikizeni ku batire ya magetsi a m'kanyumbamo, osati yolizira injini, ndipo ikani fyuzi pafupi ndi batireyo.

Ine pa heater yanga yoyamba ndinachita zopusa. M'mawa wina ndili pa changu, ndinangodula magetsi onse pa switchi yaikulu iyo ikuyaka. Fani inaima pomwepo, kutentha konse nkutsalira m'kati, vani yonse fungo la pulasitiki wopserera. Muziizimitsa pa batani lake, muisiye ipemerere mpaka itazizira yokha.

Simunanene ngati mukakwera mapiri. Kupitirira mamita 1,500 mpweya umachepa ndipo mwaye umachuluka msanga, ndiye pogula funsani ngati heateryo imatha kuchepetsa mafuta ikakhala pamalo okwera.