Kodi ngale yakuda ndi yakudadi?

Mwafunsa chifukwa chimene ngale ya ku Tahiti (chilumba cha m'nyanja ya Pacific) imene munagula imaoneka yobiriwira pomwe wogulitsa anakuuzani kuti ndi yakuda. Sanakunamizeni, chifukwa akatswiri a miyala yamtengo wapatali, monga a bungwe la GIA ku America, amafotokoza mtundu wa ngale poona zinthu zitatu. Choyamba ndi mtundu weniweni wa ngaleyo, umene ungakhale woyera, wotuwa, wagolide kapena wakuda. Chachiwiri ndi kamtundu kena kamene kamaoneka ngati kakuyandama pamwamba pake, kaya kobiriwira kapena kapinki, ndipo ndi kameneka mukukaona inuyo. Chachitatu ndi kunyezimira kwa mitundu yonga ya utawaleza, kumene kumaoneka mukaitembenuza, ngakhale kuti si ngale zonse zimene zili nako.

Ngale za ku Tahiti zimachokera mu nkhono za m'nyanja zotchedwa Pinctada margaritifera, ndipo zambiri sizikhala zakuda bii, koma zotuwa modera. Ine ndingakayikire kwambiri ngale yakuda mofanana paliponse, popeza ogulitsa ena amazinyika mu utoto. Mukafuna kuweruza bwino, iikeni pa nsalu yoyera pafupi ndi windo masana, osati pansi pa babu.